Funsani Akalaliki: malonda akuyenda koma ndalama sizikuoneka

Mwezi uno makalata ambiri omwe alowa, ena pa WhatsApp ena pa Facebook, akungozungulira pa nkhani imodzimodzi ya ndalama za geni, nde ndangoti tiipatse tsamba lonse. Mayina ndachotsa ngati mwa masiku onse, ndipo makalata ena ndawadulako chifukwa ena a inu mukati mufunse za K5,000 mumayambira chaka chomwe munalemba mayeso a sitandade 8.

FUNSO: Akalaliki, ine ndili ndi kagrosale ku Ndirande, ndinayamba chaka chatha ndi mpamba wa K900,000, ina ndinatenga ku banki mkhonde ina anandipatsa bambo a kunyumba. Malonda amayenda ndithu sindinganame, tikaphatikiza masiku abwino ndi oipa pa tsiku ndimagulitsa za K80,000, koma chondidabwitsa mashelefu akungopepukirapepukira, kale ndinkaoda shuga mabelo atatu pano limodzi lomwe ndi movutikira. Amuna anga akuti mtsikana wondithandiza akuba, apongozi akuti ndi chitaka. Ine mutu waima, ndithandizeni. Mayi wa ku Ndirande.

YANKHO: Amayi, mwana wa eniake uja musamuthamangitse kaye, ndipo kwa asing'anga musapite, kandalama kotsalako kangakathere konko. Ndiyankheni mumtima mwanu momwemo: sopo amene munachapira Loweruka munakagula kuti? Nanga shuga wa mu tiyi wa m'mawa uno, buledi wa ana popita ku sukulu, K2,000 ya minibasi yomwe bambo anatapa mu kabati Lachiwiri amvekere ndibweza madzulo? Ine chitaka chomwe ndakumana nacho kwambiri pa zaka zonse ndakhala ndikuwerengera anthu mabuku chimakhala ndi makiyi a grosale, chimagona m'nyumba momwemo, ndipo sichidziwa n'komwe kuti chikuba.

Tiyeni tiwerengere limodzi. K80,000 ija mukaigwira madzulo imaoneka yambiri, koma si yanu. Katundu wa mugrosale, shuga, sopo, mafuta ophikira, mchere, phindu lake ndi lochepa zedi poti aliyense amadziwa mtengo wake ndipo mukangokweza ndi K50 kasitomala amapita pa okala ya apo. Tiyerekeze kuti pa K100 iliyonse yomwe mwagulitsa, K12 ndiye yapamwamba. Ndiye kuti pa K80,000 yapamwamba ndi K9,600 basi, K70,400 inayo ndi ya katundu, ikuyenera kubwerera ku Limbe kukaoda zomwe zachoka pa shelefu. Pa mwezi wa masiku 30 yapamwambayo ikukwana K288,000. Musayambe kumwetulira, muchotsepo lendi, malipiro a mtsikana, mayunitsi a magetsi a filiji, thiransipoti yokaodera, majumbo, tinene kuti zonse K170,000. Yatsala K118,000. Limeneli ndiye phindu lenileni la mwezi, pa tsiku silikufika ndi K4,000 yomwe.

Tsono ngati pakhomo pakulowa K9,000 tsiku lililonse kuchokera mu grosale, ya ndiwo, ya makala, kasopo apa kabuledi apo, pa mwezi ndi K270,000. Geni yapanga K118,000, inu mwadya K270,000, nanga K152,000 inayo yachokera kuti? Mu mpamba. Miyezi 6 yokha ndi K912,000, mpamba wonse munayambira uja psiti, ndipo apa sindinawerengere zobweza ku banki mkhonde. Manambalawa ndangoyerekeza, anu enieni muwapeza nokha, koma mabelo atatu a shuga amasanduka limodzi mwa njira imeneyi, mwakachetechete, makasitomala ali balalabalala pa kauntala.

Amene amaphunzira za akaunti chinthu choyamba chomwe amawauza m'kalasi n'choti bizinesi ndi munthu payekha, mwini wake ndi munthu winanso. Zimamveka ngati zopanda mutu poti grosale ndi yanu, munaivutikira ndinu, koma muziitenga ngati ndi ya mlamu wanu wovuta uja amene wakusiyirani kuti muzimugulitsira ndipo kumapeto a mwezi abwera kudzawerengera. Sopo wa mlamu simungatenge osalemba.

Nde mawa lomweli gulani kope lachikuto cholimba lija, osati la ana lomwe lithothoke sabata isanathe. Tsamba lililonse mujambule mizere pakhale magawo asanu: tsiku, chachitika n'chiyani, zalowa, zatuluka, zotsala. Tsiku limodzi lizioneka chonchi:

Lolemba, zogona mu kabati K46,000
Kuoda buledi, zatuluka K18,000, zotsala K28,000
Mayunitsi a magetsi, zatuluka K3,000, zotsala K25,000
Ndatenga ine za ndiwo, zatuluka K4,500, zotsala K20,500
Zogulitsa tsiku lonse, zalowa K78,000, zotsala K98,500

K78,000 imeneyo musaipeze powerenga ndalama za mu kabati ayi, mukatero mukungodzinamiza nokha. Pa kauntala pazikhala kakope kena kakang'ono, chilichonse chagulitsidwa mtengo wake uzilembedwa pompo, kaya ndi inu kaya ndi mtsikana, madzulo mwaonkhetsa. Mukatseka ndiye mwawerenga ndalama zenizeni. Kope likuti K98,500, m'manja muli K98,500, kagoneni. Mukapeza K96,000, K2,500 ija muifufuze usiku womwewo mutu ukadakumbukira, nthawi zambiri mumapeza kuti munalipira mnyamata wobweretsa makreti osalemba kapena chenji chinapitirira. Mukati ndiona Lachisanu, simudzaipezanso.

Za Airtel Money ndi Mpamba zikhale ndi tsamba lawolawo, ndipo ngati n'kotheka geni ikhale ndi nambala yakeyake. Ndalama ya kasitomala ikagwera pa nambala yanu ya tsiku ndi tsiku imathera mu bandulo ndi kutumizira achimwene akumudzi, inu osazindikira kuti mwadya paketi zitatu za shuga.

Kenako dzipatseni malipiro. Ee, inuyo. Mukaona phindu la miyezi iwiri mudziwa kuti geni ingakwanitse kukulipirani zingati, mwina K20,000 pa sabata, muzitenga tsiku limodzi lodziwika n'kulemba, ikatha yatha. Mukafuna sopo wa kunyumba mugule ndi ndalama imeneyo pa mtengo womwe amagulira aliyense. Bambo nawonso muwauze mwaulemu kuti kabati yatsekedwa, akafuna ya minibasi alembedwe ngati wina aliyense wa ngongole. Poyamba anyinyirika, koma ndi omwewo anaikapo ndalama zawo.

Chomaliza kwa inu, ndipo ichi ndiye chiweruze nkhani ya mtsikana: tsiku lomaliza la mwezi werengani katundu yense wa mu shopu, chimodzichimodzi, pa mtengo wooda osati wogulitsa. Tinene mwezi munauyamba ndi katundu wa K600,000, mkati mwa mwezi mwaoda wa K2,050,000, kumapeto mwapeza watsala wa K540,000. Kuphatikiza ziwiri zoyambazo n'kuchotsapo wotsalayo, ndiye kuti katundu amene wachoka pa shelefu anakudyerani K2,110,000. Ngati zogulitsa za mwezi zakwana K2,400,000, yapamwamba ndi K290,000, zikugwirizana ndi K12 pa K100 ija, palibe wakuba. Koma mukapeza kuti katundu wachoka wochuluka chomwecho pomwe zogulitsa ndi K2,200,000, zanu zonse zotenga munalemba, zoonongeka munalemba, apo ndiye mukhale naye pansi mtsikanayo, kope lili patsogolo.

FUNSO: Bigi, ine ndimapanga za kaunjika ku Tsoka ku Lilongwe. Ndinatsegula belo la K450,000 ndagulitsa pafupifupi lonse ndapeza K600,000, ndinkati ndagwira K150,000 mpaka ndinawagulira mayi a mwana foni, koma kupita kukaoda lina akuti pano ndi K520,000 nde ndapereweranso. Kodi phindu langa linali zingati kwenikweni? Mnyamata wa ku Kawale.

YANKHO: Achimwene, foniyo musakawalande, yapita yapita. Koma K150,000 ija simunaigwire olo tsiku limodzi. Belo silinauluke lokha kuchoka kosungira kufika pa benchi panu, munalipira wonyamula. Chiphaso cha msika mumadula tsiku ndi tsiku. Usiku katundu amagona pamalo olipira. Pali makala ositira, majumbo, minibasi yochokera ku Kawale m'mawa ndi madzulo, nsima ya masana. Tindalama timeneti timatuluka pang'onopang'ono nde munthu sutiwerengera, koma mutati mulembe masabata atatu omwe belo linatenga kuti lithe mupeza mwina K55,000. Phindu la pa pepala latsika, lafika K95,000.

Tsono pali chachiwiri chomwe mabuku ambiri a kusukulu sachikamba mokwanira poti analembedwera kumaiko komwe mitengo imagona malo amodzi chaka chonse. Mpamba wanu si K450,000, mpamba wanu ndi belo limodzi. Ngati belo lomwelo lero lili pa K520,000 ndiye kuti K70,000 ya mu phindu lija si yodya, ndi yongokubwezerani pomwe munali. Yodya yeniyeni inali K25,000. Amene anali pa geni mu May 2022 kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti, komanso mu November 2023 itagwetsedwa ndi 44 peresenti, akukumbukira bwino, panali anthu omwe anagulitsa katundu yense pa mtengo wakale akusangalala kuti malonda athamanga, kupita kooda n'kubwerako ndi theka la katundu. Nde muzifunsa mtengo wooda sabata iliyonse olo simukuoda, ndipo mitengo yanu iziyendera mtengo wa belo la mawa osati la dzana.

Kaunjika alinso ndi vuto lakelake. Mukatsegula belo, zovala za nambala wani zimathamanga masiku awiri oyamba, ndalama imalowa yambiri, mtima m'mwamba. Ndalama ya masiku awiri amenewo ndi yobweza belo, isakhudzidwe mpaka mtengo wa belo lina utakwana, phindu lanu lili mu zapakati ndi zotsalira zija zimayenda mokoka. Ndipo powerengera katundu wotsala musamanene kuti mu belo munali zovala 200 nde chilichonse ndi K2,250, jekete long'ambika pakhwapa lomwe lakhala miyezi iwiri likungopsa ndi dzuwa si la K2,250, ndi la K500 yomwe munthu angapereke lero. Lamulo la owerengera ndalama limati katundu wotsala umulembe pa mtengo wotsika pakati pa womwe unagulira ndi womwe angagulidwe pano. Belo lililonse lizikhala ndi tsamba lake mu kope, pamwamba tsiku lotsegula ndi mtengo, pansi zolowa ndi zotuluka, pakatha mabelo asanu mudziwa nokha kuti a madiresi ndi a majinzi okupindulirani ndi ati.

FUNSO: Akalaliki, ine ndimayenda m'maofesi ku Zomba kugulitsa zitenje, mafuta odzola ndi nsapato, anthu amatenga kuti alipira malipiro akatuluka. Mu kope langa zikuonetsa kuti ndikupindula ndithu koma panopa K700,000 ili m'manja mwa anthu ndipo ndilibe yokaodera, mnzanga akuti ndingotenga katapila ndidzabweza akandilipira. Nditenge? Mayi wa ku Zomba.

YANKHO: Chemwali, ayi. Katapila musamuyandikire. Mukakongola K200,000 yoti mubweze K300,000 pakutha pa mwezi, ndiye kuti mukulipira K100,000 chifukwa choti anthu ena akuvala zitenje zanu ulele, phindu la nsapato zingati limenelo?

Kope lanu silikunama. Mwa malamulo a akaunti, katundu akachoka m'manja mwanu kupita kwa wogula, malonda achitika tsiku lomwelo olo ndalama isanabwere, nde phindu limaoneka pa pepala. Koma phindu ndi ndalama ya m'manja ndi zinthu ziwiri, ndipo ma geni ambiri omwe ndawaona akugwa sanagwe chifukwa chosapindula, anagwa phindu lili mbwee mu kope koma yokaodera palibe. Kooda safunsa za kope.

Chitani izi usiku uno. Munthu aliyense wa ngongole akhale ndi tsamba lake, dzina, ofesi, nambala ya foni, tsiku lomwe anatenga, chomwe anatenga, zomwe wapereka, zotsala, ndipo potenga azisayina yekha chifukwa pa 30 anthu amaiwala modabwitsa, ena amafika pokana kuti nsapato zili kuphazizo si zanu. Kenako K700,000 ija muigawe patatu: ngongole zomwe sizinathe mwezi, zomwe zadutsa mwezi koma sizinafike miyezi itatu, ndi zomwe zapitirira miyezi itatu. Gulu loyamba ndi ndalama ndithu. Lachiwiri ndi lofunika kuliyendera ndi miyendo pa tsiku la malipiro lenilenilo, m'mawa, osadikira mawa lake poti pali alendi, a sukulu ndi a banki mkhonde omwe ali pa mzere womwewo. Lachitatu muliyang'ane ndi maso ouma. Bambo uja anasamutsidwira ku Karonga chaka chatha ndipo foni sayankha, K45,000 yake musamaiwerengerenso ngati chuma chanu, ilembeni kuti yatayika, ichotsedwe pa phindu. Akadzalipira mwamwayi mudzailemba ngati yolowa, koma kumangoisunga mu kope kuti mtima uzikhala m'malo ndi kudzipusitsa.

Kuyambira pano aliyense azipereka theka potenga, lomwe likhale pafupi ndi mtengo womwe munaodera, kuti chomwe chikugona kunja chizikhala phindu osati mpamba. Amene sanamalize yakale asatenge chatsopano, olo akhale abwana a pa ofesipo, makamaka iwowo. Ndipo mudziikire malire, mwachitsanzo ngongole zonse zakunja zisapose gawo limodzi mwa magawo atatu a mpamba wanu. Mutaya makasitomala awiri atatu, ndi omwe aja samalipira.

Poti mwatchula zokongola, ndinenepo ichi kwa onse: ndalama ya ngongole, kaya ya banki mkhonde kaya ya ku banki, ikalowa mu geni si phindu ndipo musaiphatikize ndi zogulitsa. Ili ndi tsamba lake. Pobweza, chiwongoladzanja chokha ndiye chimachotsedwa pa phindu ngati lendi kapena thiransipoti, inayo mukungobweza za eni.

FUNSO: Ndili ndi njinga yamoto ya Lifan ya kabaza, ndikachotsa mafuta, oilo ndi zokonzetsa pa tsiku imandisiyira K9,000. Mkulu wanga akuti sindikuwerengera bwino. Akunena chani? Wakabaza, Mzuzu.

YANKHO: Akulu anuwo muwagulire fanta. Akunena kuti njingayo ikutha. Tsiku lililonse mukakwera nayo zitunda za ku Mzuzuko kachidutswa kake kamatsalira mu msewu, ndipo kachidutswa kameneko ndi ndalama ngakhale palibe amene amakupatsani lisiti. Tiyerekeze munagula K2,400,000, igwira ntchito zaka zitatu, kenako mudzaigulitsa yotopa pa K600,000. Ndiye kuti K1,800,000 ikusungunuka pa miyezi 36, K50,000 mwezi uliwonse, mukamagwira masiku 26 ndi pafupifupi K1,900 pa tsiku. Nde K9,000 yanu ija ndi K7,100, ndipo apo tisanachotse inshuwalansi ndi mapepala a njinga zomwe zimabwera kamodzi pa chaka koma zikuyenera kugawidwa pa miyezi yonse 12. K1,900 imeneyo muziiponya kwina komwe dzanja silifika msanga, ndipo poti njinga yatsopano pakatha zaka zitatu sidzakhala pa mtengo wa lero, muziponya yoposerapo. Izi zikukhudzanso a chigayo, a saluni ndi ma dulaya awo, a barbershop, a filiji ya mafirizesi, onse.

FUNSO: Akalaliki ndangoyamba kumene maphunziro a akaunti, ndikufuna ndidzalembe mayeso a ICAM, bungwe lija la owerengera ndalama kuno ku Malawi, koma debit ndi credit zikundizunguza. Aphunzitsi akuti ndalama ikalowa timalemba ku debit, koma ku banki ndalama ikalowa meseji imati akaunti yanga yapangidwa credit. Akunama ndani? Mtsikana wa ku Chilomoni.

YANKHO: Mwanawe, palibe akunama, ndipo aliyense amene anaphunzirapo zimenezi anapunthwa pa mwala womwewu, ine ndemwe. Choyamba chotsa m'mutu maganizo oti credit ndi chinthu chabwino, debit choipa. Debit ndi kumanzere kwa tsamba, credit ndi kumanja, basi.

Njira imeneyi ndi yakale kwambiri. Amalonda a ku Italy ankaigwiritsa ntchito kale, kenako Luca Pacioli, yemwe anali wa chipani cha Franciscan mu mpingo wa Katolika komanso katswiri wa masamu, anaifotokoza mwadongosolo m'buku lomwe linasindikizidwa ku Venice mu 1494, ndipo mpaka lero olo mapulogalamu a pa kompyuta amayendera yomweyo. Mfundo yake ndi yoti chilichonse chochitika mu bizinesi chili ndi mbali ziwiri, komwe chachokera ndi komwe chapita, nde chimalembedwa kawiri. Komwe chapita ndi kumanzere, komwe chachokera ndi kumanja. Mayi a ku Ndirande aja akagula filiji ya K400,000 ndi ndalama ya mu kabati, tsamba la filiji debit K400,000, tsamba la kabati credit K400,000, chuma sichinachepe, changosintha nkhope. Akatenga shuga wa K150,000 pa ngongole kwa mwenye wa holoselo, tsamba la katundu wooda debit, tsamba la mwini holoselo credit, kusonyeza kuti ali naye ngongole. Akagulitsa za K78,000, kabati debit, tsamba la zogulitsa credit. Akatenga K4,500 ya ndiwo, tsamba la zotenga mwini debit, kabati credit. Ukaonkhetsa ma debit onse ndi ma credit onse akuyenera kufanana ndendende, akasiyana pali pomwe walemba mbali imodzi yokha. Koma usadzanyadire kuti zafanana nde zonse zili bho, ukaiwaliratu kulemba chinthu mbali zonse ziwiri, kapena ukalemba pa tsamba la munthu wolakwika, zimafananabe.

Pansi pa zonsezi pali kasamu kamodzi: zonse zomwe bizinesi ili nazo zimafanana ndi ngongole zake kuphatikiza mpamba wa mwini. Grosale ikakhala ndi katundu wa K540,000, filiji ya K400,000, ndalama K98,500 ndi ngongole za makasitomala K61,500, zonse ndi K1,100,000. Ngati ku banki mkhonde kwatsala K250,000 ndipo ku holoselo K150,000, ndiye kuti za mwini zenizeni ndi K700,000. Munthu atamachita kasamu kameneka kumapeto a mwezi uliwonse n'kumaona ngati nambala yomalizayi ikukwera kapena ikutsika, wadziwa zambiri kuposa ena omwe ali ndi ma satifiketi pa khoma.

Nanga meseji ya ku banki ija? Imeneyo ikuchokera m'buku la banki osati lako. Ukasungitsa K50,000, kwa iwe ndi chuma chomwe chapita ku banki nde m'buku lako tsamba la banki ndi debit. Koma kwa a banki ndalamayo yachokera kwa iwe, ali nawe ngongole, tsiku lililonse ukhoza kukaitenga, nde m'buku lawo tsamba la dzina lako ndi credit. Akakutumizira sitetimenti akungokuonetsa tsamba lawo, ndiye uziliwerenga chozondoka.

FUNSO: Ndapeza mwayi wopereka nyemba ndi ufa pa sukulu ina yogonera konko koma akuti ndibweretse TPIN, nambala ija ya wolipira msonkho, ndi invoisi, anzanga akundiopseza kuti ndikalembetsa a MRA azindilonda mpaka geni igwe. Ndipange bwanji? Bambo wa ku Dedza.

YANKHO: Bambo, anzanuwo akugulitsabe pa mbale pa Lizulu, inu mwapeza oda ya matumba, musamvere zimenezo. Sukulu, zipatala ndi mabungwe sangakulipireni popanda mapepala chifukwa nawonso ali ndi owawerengera mabuku. Lembetsani dzina la bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, katengeni TPIN ku MRA, tsegulani akaunti ya ku banki ya dzina la bizinesiyo, ndipo mugule buku la invoisi ndi la delivale noti okhala ndi kaboni. Matumba akatsika pa galimoto, wolandira awerenge, asayine, adinde chidindo, pepala limodzi lawo lina lanu. Tsiku lomwe adzanene kuti munabweretsa matumba 35 pomwe inu mukudziwa kuti anali 40, kapepala kameneko ndiye mboni yanu.

Polipira mwina mudzapeza kuti adulako kena kake ka msonkho wodulira pompo uja amati withholding tax. Musakwiye, si kuba, amakapereka ku MRA m'dzina lanu, koma muumirire akupatseni satifiketi yake ndipo muisunge chifukwa imawerengedwa pa msonkho womwe mukuyenera kupereka. Geni ikadzakula mpaka kulembetsa VAT, msonkho uja umaonjezedwa pa mtengo wa katundu, ndalama ya VAT yomwe mwatolera kwa wogula si yanu olo pang'ono, mwangowasungira a boma, musadzaodere nayo nyemba.

Woopa MRA kwenikweni akhale amene alibe mabuku, poti iwo amaona ndalama zomwe zalowa, ndipo ngati simungaonetse zomwe munaononga pogula nyemba, kugayitsa, matumba ndi galimoto, akhoza kukuyerekezerani okha, ndipo kuyerekeza kwawo sikukomera inu. Alimi akumudzi omwe mumagulako nyemba alibe malisiti, nde muziyenda ndi buku lanu, mwalemba tsiku, mudzi, makilo, mtengo, mlimi wasayina kapena wadinda chala. Malisiti a mwezi uliwonse akhale mu envelopu yake yolembedwa mwezi ndi chaka pamwamba. Koma samalani ndi timalisiti ta makina tija amapereka pa filing'i siteshoni ndi m'ma holoselo, inki yake imafufutika, makamaka tikakhala pa dashibodi padzuwa kapena m'thumba la kumbuyo. Chaka chatha bambo wina anandibweretsera jumbo yodzaza ndi timapepala toyera mbee amvekere awa ndi mafuta a galimoto a miyezi 8, ine kuyang'ana ngakhale pa kuwala palibe nambala olo imodzi yooneka. Muzitijambula ndi foni tsiku lomwelo, kumbuyo kwake mulembe ndi bolopeni ndalama ndi tsiku, kenako mu envelopu.